Tisanayamikire besi ya m'buti, tiyambe taona waya ndi fyuzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilembepo m'nyuzipepala yathuyi pa nkhani imene ambiri amaiona ngati ya achinyamata okonda zisangalalo chabe, koma imene kwa ife ogwira ntchito ya zamagetsi a galimoto yasanduka nkhani ya moyo ndi chuma cha anthu. Ndikunena za kuika zoimbira zamphamvu m'buti ya galimoto, zija zimene zimachititsa kuti galimoto imveke isanaoneke. Ndakhala pa ntchitoyi kwa zaka zambiri, ndipo ndinene poyambirira kuti sindidana ndi nyimbo kapena besi. M'galimoto yanga muli subwoofer, sipika yaikulu yotulutsa besi, imene ndinaika ndi manja anga, ndipo ulendo wa pa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu umandifupikira chifukwa cha iyo. Chimene chandichititsa kutenga cholembera ndi ntchito yobisika pansi pa kapeti, imene mwini galimoto saiona pa tsiku limene akulipira, koma imene imadzadziulula yokha pa tsiku limene utsi wayamba kufuka.

Posachedwapa mnyamata wina anachita kukokera ku galaja kwathu galimoto yake yaing'ono yochokera ku Japan. Panali patangopita milungu yochepa chiikireni zoimbira kwa mmisiri wina amene sindimutchula, chifukwa cholinga changa si kuipitsa mbiri ya munthu. Titatsegula boneti tinapeza kuti waya wamkulu wotengera magetsi ku amplifier, chipangizo chokulitsa mphamvu ya mawu opita ku masipika, anamangidwa pa batire mwachindunji popanda fyuzi, ndipo anadutsitsidwa pa kabowo ka chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu popanda labala yotchinjiriza. Pa misewu yathu ya mabampu ndi maenje, m'mphepete mwa kabowoko munakhala mukudya chikutiro cha wayayo pang'onopang'ono mpaka chitsulo chinakhudzana ndi chitsulo. Wayayo anafiira ngati wa mbaula ya magetsi, natentha kapeti ya ku mapazi a dalaivala. M'galimotomo munali mkazi wake ndi khanda. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti bambo wina wodutsa m'njira anali ndi sipanala ya 10 m'thumba ndipo anathamangira kukamasula batire. Ndakhala ndikuona ntchito zotere kangapo, koma tsiku limenelo ndinalephera kudya, chifukwa chinthu chimene chikanaletsa zonsezo ndi chotsika mtengo kuposa sipika imodzi yaing'ono ya pa chitseko.

Choncho ndiyambe ndi fyuzi, popeza m'pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri, kuphatikizapo ena odzitcha amisiri, amaganiza kuti mafyuzi amene ali pa amplifier ndi okwanira. Mafyuzi amenewo amateteza amplifier yokhayo. Koma pakati pa batire limene lili kutsogolo ndi amplifier imene ili m'buti pali waya wotalika mamita anayi kapena asanu, wodutsa pansi pa mapazi a anthu, pafupi ndi zitsulo zakuthwa, ndipo waya ameneyu amakhala ndi magetsi usana ndi usiku, ngakhale kiyi ili m'thumba mwa mwini wake. Batire la galimoto ndi la mavolti 12 okha ndipo silinjenjemeretsa munthu akaligwira, n'chifukwa chake ambiri amaliderera, koma likapeza njira ya shoti limatulutsa ma-ampere mazanamazana nthawi imodzi, okwanira kusungunula chitsulo. Fyuzi ya waya wamkuluyu iyenera kukhala pafupi ndi batire mmene zingathekere, osapitirira masentimita 45 kuchokera pa mutu wa positive, kuti shoti ikachitika paliponse m'njira, fyuziyo ipse waya asanatenthe. Kukula kwake kumayenera kutsatira kukula kwa wayayo, pakuti fyuzi yaikulu pa waya wamng'ono ili ngati palibe fyuzi n'komwe. Ndipo fyuzi ikapsa imakhala ikunena kuti pali vuto penapake. Kuikapo msomali, kachidutswa ka waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, monga ndakhala ndikupezera m'magalimoto ambiri, n'kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera wakuba.

Pa kabowo kodutsira waya payenera kukhala labala, ndipo pamene waya akudutsa pafupi ndi injini ayenera kuvekedwa chikutiro china cholimba ndi kumangidwa bwino, kutali ndi ekizozi, chiwongolero ndi zopondera za buleki ndi kalachi. Mmisiri asanayambe ntchito iliyonse ayenera kumasula mutu wa negative pa batire, ndipo fyuzi ikhale chinthu chotsiriza kulowetsedwa ntchito yonse itatha. Izi si nzeru zakuya, koma zimafuna munthu wosathamangira kuti kasitomala amve besi dzuwa lisanalowe.

Chachiwiri chimene chimandiwawa ndi mawaya amene akugulitsidwa m'misika ndi m'masitolo athu. Paketi imalembedwa kuti muli waya wa 4 gauge, umene ndi muyeso wa kunenepa kwa waya, ndipo ukamuona kunja amaoneka wonenepa ndithu, koma ukamudula umapeza kuti kunenepako ndi kwa pulasitiki, chitsulo cha m'kati n'chochepa. Waya weniweni wa 4 gauge amakhala ndi chitsulo chokwana pafupifupi masikweya milimita 21, wa 8 gauge pafupifupi 8, pamene wa 0 gauge amapitirira 50. Vuto lina n'lakuti mawaya ambiri otsika mtengo si a kopa weniweni, koma ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi ochepa, pafupifupi magawo 60 pa 100 a zimene kopa wa kukula komweko amadutsitsa, amatentha msanga, ndipo akakumana ndi chinyezi amasanduka fumbi loyera pa malo olumikizira. Wogula angathe kudziwa mosavuta, chifukwa akapala tinsinga ta wayayo ndi mpeni n'kuona kuti m'kati ndi moyera ngati siliva, ameneyo ndi aluminiyamu, ndiponso amapepuka m'manja kusiyana ndi kopa. Ndikudziwa kuti m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja kopa weniweni wakwera mtengo kwambiri, ndipo sindinyoza munthu amene akuyang'ana chotsika mtengo. Koma amene wasankha aluminiyamu atenge waya wokulirapo ndi kuika fyuzi yocheperapo, ndipo amene angathe apite kwa ogulitsa zipangizo zowotcherera zitsulo, chifukwa waya wa makina owotcherera akakhala wa kopa weniweni amapindika bwino ndipo amagwira ntchitoyi mokhulupirika. Chimene sichiyenera kulowa m'galimoto ndi waya wolimba wa magetsi a m'nyumba, amene anapangidwira kukhala phee m'khoma, ndipo akamagwedezeka tsiku ndi tsiku amathyoka.

Tsopano ndifike pa manambala amene amalembedwa pa makatoni, chifukwa ndi amene amakopa achinyamata athu. Munthu amabwera monyadira kuti wagula amplifier ya mawati 5,000, koma ukaitembenuza umapeza kuti ili ndi fyuzi imodzi ya ma-ampere 30. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Mphamvu imapezeka pochulukitsa mavolti ndi ma-ampere, ndipo injini ikamalira magetsi a galimoto amakhala pafupifupi mavolti 14. Tikachulukitsa 14 ndi 30 tipeza mawati 420, ndipo imeneyo ndi mphamvu yolowa, pamene yotuluka kupita ku sipika imachepa chifukwa ina imatayika ngati kutentha. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi imene yalembedwa kuti RMS, imene imanena mphamvu imene chipangizocho chingapereke mosalekeza, osati ya PMPO kapena ya Max imene ndi yokometsera malonda. Masamu omwewa amatiuzanso mbali ina yofunika kwambiri. Amplifier yabwino imene imaperekadi mawati 1,000 a RMS ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imafuna ma-ampere oposa 80. Komatu magalimoto aang'ono amene adzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo, Demio, Note ndi Mira, ambiri ali ndi alternator, chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira, yosafika ma-ampere 100, ndipo alternator yomweyo ndi imene ikudyetsa nyali, mawaipa, fani ya injini, pampu ya mafuta, kompyuta ya injini ndi choziziritsira mpweya, kwinaku ikudzaza batire.

Zotsatira zake timaziona usiku, pamene nyali za kutsogolo zimaphethira mogwirizana ndi kugunda kwa besi. Achinyamata ena amakondwera nazo ngati umboni wakuti zoimbira zawo ndi zamphamvu, koma umenewo ndi umboni wakuti magetsi a galimoto akuperewera. Pa misewu yathu ikuluikulu, imene malo ambiri ilibe magetsi a m'mbali, m'mene mumayenda anthu apansi, akabaza opanda zonyezimira, ngolo ndi ziweto, nyali yofooka kwa kamphindi ingathe kukhala kusiyana pakati pa kumuona munthu ndi kumugunda. Ogulitsa ena amalangiza kugula capacitor kapena batire lachiwiri, koma zinthu ziwirizi sizipanga magetsi, zimangosunga amene alternator yapanga, ndipo batire lachiwiri ndi pakamwa pena pofuna kudyetsedwa ndi alternator yotopa kale. Mmisiri woona amayamba ndi kuyeza ndi mita. Batire labwino lodzaza limaonetsa pafupifupi mavolti 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati nyimbo zikamaimba nyali zili zoyaka manambalawo akutsikira ku 12, galimotoyo ikudya batire lake, ndipo tsiku lina idzakana kulira pa malo osayenera. Malangizo anga kwa eni magalimoto aang'ono ndi akuti amplifier ya mawati 300 mpaka 500 a RMS, yoikidwa bwino ndi bokosi loyenera, imadzaza galimoto ndi besi yokoma popanda kupha alternator, imene mtengo wake masiku ano si wamasewera.

Waya wa earth, wolumikiza negative ya amplifier ku thupi la galimoto, ndi amene amanyozedwa kuposa onse, chonsecho magetsi onse amene apita ku amplifier amabwerera kudzera mwa iye. Ayenera kukhala wofanana kukula ndi waya wamkulu uja, wamfupi, ndi womangidwa ndi bawuti pa chitsulo cha thupi la galimoto chimene chapalidwa penti ndi dzimbiri mpaka kuwala, kenako n'kupakidwa pamwamba kuti chisachite dzimbiri. Ndimapeza ambiri atamukanikiza pansi pa bawuti ya lamba wa pa mpando, zimene ndi zolakwika pawiri, chifukwa pamenepo pali penti ndiponso bawuti imeneyo ili ndi ntchito yogwira moyo wa munthu pa ngozi. Earth ikakhala yofooka, magetsi amafuna njira ina yobwerera, ndipo kawirikawiri amaipeza kudzera m'mawaya a RCA amene amatenga nyimbo kuchokera ku wailesi, n'kuwononga wailesiyo. Kulira kuja kokhala ngati kwa udzudzu, kumene kumakwera dalaivala akaponda mafuta, nthawi zambiri kumachokera pa earth yoipa kapena pa mawaya a RCA amene agonekedwa limodzi ndi waya wa magetsi. Mawaya awiriwa ndi bwino kuwadutsitsa mbali zosiyana za galimoto, wina kumanja wina kumanzere, ngakhale kutero kumafuna kuzula mapulasitiki a m'mbali zonse ziwiri, ntchito imene aulesi amaithawa.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chinthu china chimene chimayambitsa mavuto ambiri ntchito ya m'buti isanayambe n'komwe. Mawailesi amene amabwera ndi magalimoto ochokera ku Japan anapangidwira mafunde a kumeneko, ndipo ambiri amagwira kuyambira pa 76 kulekezera pa 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno kwathu zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. N'chifukwa chake munthu akangolandira galimoto yake amapeza kuti akugwira masiteshoni ochepa okha, ndipo amathamangira kukasintha wailesi. Posinthapo, amisiri ena amadula pulagi yonse ya galimoto n'kuyamba kupota mawaya ndi manja ndi kukulunga tepi, imene ikakumana ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala imamatuka n'kusiya mawaya ali maliseche kuseri kwa dashibodi. Pali mapulagi olumikizira amene amagulitsidwa kuti munthu asadule kalikonse, ndipo pamene kudula sikungapeweke, mawaya ayenera kuwotchereredwa ndi mtovu kapena kupanidwa ndi zolumikizira zoyenera. Koposa zonse, mawaya ndi mapulagi achikasu amene ali pansi pa mipando ndi kuseri kwa chiwongolero ndi a ma-airbag, ndipo sayenera kudulidwa, kubooledwa kapena kuyesedwa ndi kababu.

Bokosi la subwoofer si kabati yongosungiramo sipika, koma ndi theka la chipangizo choimbiracho. Kampani iliyonse yopanga masipika imalemba kuchuluka kwa mpweya umene uyenera kukhala m'bokosi, ndipo kwa subwoofer zambiri za mainchesi 12 bokosi lotseka kotheratu limafuna malita apakati pa 30 ndi 40, pamene bokosi lokhala ndi bowo lotulutsira mpweya limafuna okulirapo, ndiponso utali ndi kukula kwa bowolo zimachita kuwerengedwa. Bokosi lotseka limapereka besi yogwirana bwino, yomveka chingwe chilichonse cha gitala ya besi, ndipo limatenga malo ochepa. La bowo limafuula kwambiri pa mphamvu yomweyo, koma likapangidwa mongoyerekeza limangochita phokoso limodzimodzi pa nyimbo iliyonse, ndipo lingathe kung'ambitsa sipika pa mawu otsika kwambiri. Akalipentala athu ali ndi luso la manja losakayikitsa, ndipo ndaona mabokosi okongola opangidwa pansi pa mtengo wa mango, koma ambiri sauzidwa malita, amangouzidwa kuti bokosi likwane m'buti. Thabwa loyenera ndi la MDF la mamilimita 18 kapena pulayiwudi wabwino, lomatidwa ndi guluu ndi kumangidwa ndi masikuluwu, lopanda potulukira mpweya m'makona. Popeza MDF imafufuma ikanyowa, ndipo mabuti ambiri a magalimoto akale amadontha m'nyengo ya dzinja, bokosi liyenera kupakidwa vanishi lisanavekedwe kapeti, ndipo malabala a chitseko cha buti ayenera kuonedwa mvula isanayambe mu Novembala.

Amplifier nayo imafuna mpweya. Kuikwirira pansi pa kapeti kapena kuimangirira pa bokosi limene likunjenjemera tsiku lonse n'kuifupikitsira moyo, makamaka kwa anzathu a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, kumene buti ya galimoto yoimikidwa pa dzuwa imatentha ngati uvuni. Palinso nkhani ya ma-ohm, muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa, imene yapsereza ma-amplifier ambiri kuposa china chilichonse. Masipika awiri a ma-ohm 4 akalumikizidwa mophatikiza, positive ku positive ndi negative ku negative, amasanduka ma-ohm 2, ndipo akalumikizidwa motsatizana amasanduka 8. Amplifier imene inapangidwira ma-ohm 4 ikapatsidwa 2 kapena 1 imakoka magetsi oposa msinkhu wake, imatentha, imazima yokha, ndipo pomaliza imapsa. Kabatani kolembedwa kuti gain si kokwezera mawu, koma ndi kogwirizanitsa amplifier ndi mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi. Kukapotoza mpaka kumapeto kumachititsa kuti mawu aphwanyike, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amawotcha koilo ya sipika, n'kusiya fungo lija limene mmisiri aliyense amalidziwa asanatsegule buti.

Pali ngozi ina imene siikhudzana ndi magetsi, ndipo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndikaona ana atakhala pa mpando wa kumbuyo. Bokosi la subwoofer limodzi ndi sipika yake limatha kulemera makilogalamu 20 kapena 30, ndipo ambiri amangoliika m'buti popanda kulimanga. Magalimoto ambiri amene tili nawo alibe khoma lachitsulo pakati pa buti ndi okwera, pali msana wa mpando wokha, wogwidwa ndi kaloko kakang'ono. Galimoto ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, bokosilo limapitiriza ulendo pa liwiro limene galimoto inali nalo, ndipo limamenya mpandowo ndi mphamvu yochuluka kambirimbiri kuposa kulemera kwake. Mu Sienta, imene yasanduka galimoto yonyamula anthu m'maboma ambiri, okwera a kumbuyo amakhala atatsamira bokosilo ndi msana. Bokosi liyenera kumangidwa ku thupi la galimoto ndi zitsulo ndi mabawuti, kapena ndi malamba olimba pa zingwinjiri zimene opanga galimoto anaika m'buti. Koma pomangapo mmisiri ayenera kugwada n'kuyang'ana pansi pa galimoto asanaboole, chifukwa kuseri kwa chitsulo chopyapyalacho kungakhale tanki, mapaipi a mafuta, mapaipi a buleki kapena mtolo wa mawaya. Malo a tanki amasiyana, moti pa magalimoto ambiri aang'ono ili pansi pa mpando wa kumbuyo, pamene pa Honda Fit ili pansi pa mipando ya kutsogolo, pomwe ena amakonda kumangirira amplifier ndi masikuluwu ataliatali. Ndiponso bokosi lisatsekereze tayala la sipeya, jeke, matrayango ndi chozimitsira moto, pakuti tayala likaphulika usiku m'mapiri a ku Dedza kapena m'nkhalango ya Chikangawa, munthu safuna kuyamba ndi kumasula bokosi.

Magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi omwe, monga Aqua ndi Prius, amene achuluka chifukwa cha kukwera mtengo ndi kusowa kwa mafuta, amafuna kusamala kwapadera. Kumbuyo kwawo kuli batire lalikulu la mavolti 144 pa Aqua ndi oposa 200 pa Prius, ndipo mawaya ake ndi a mtundu wa lalanje. Magetsi amenewo amapha. Magalimotowa alibe alternator wamba, ali ndi chipangizo chotsitsa magetsi a batire lalikulu kuti afike pa mavolti odyetsa zinthu zina zonse, ndipo chipangizochi chikapsa chifukwa cholemedwa, mtengo wake umaposa wa zoimbira zonse. Batire lalikululi limaziziritsidwa ndi mpweya wolowera pa kazenera kamene kali pafupi ndi mpando wa kumbuyo, ndipo kutseka kazenerako ndi bokosi kapena kapeti n'kulipha pang'onopang'ono. Mmisiri amene sanaphunzire za magalimoto amenewa sachita manyazi akanena kuti ntchitoyi ipite kwa wina.

Sindingamalize osanenapo za makutu, ngakhale kuti ine si dokotala. Akatswiri a zaumoyo pa ntchito amanena kuti phokoso la madesibelo 85 munthu angakhalemo maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa madesibelo 100 imatsala pafupifupi mphindi 15. M'galimoto yotseka mawindo, yokhala ndi zoimbira zamphamvu, kupitirira 100 n'kosavuta. Bungwe la World Health Organization lakhala likuchenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi pa dziko lonse ali pa chiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kosasamala, ndipo timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ndili ndi anzanga a pa ntchito amene makutu awo amalira usiku wonse chifukwa cha zaka zoyesa masipika mutu uli m'buti. Dalaivala amene sakumva hutala, belu la njinga kapena kulira kwa ambulansi ndi woopsa kwa ena, ndipo khanda limene lili pa mpando wa kumbuyo, pafupi kwambiri ndi bokosi, silingathe kupempha kuti mawu atsitsidwe. Za ulemu pa maliro, pa chipatala ndi m'makomo usiku sindinena zambiri, chifukwa tonse tinaleredwa ndipo tikudziwa.

Kudzera mwa inu, Akonzi, ndikupempha bungwe la TEVETA ndi makoleji athu a ntchito zamanja kuti aganizire zokonza maphunziro aafupi a ntchito imeneyi, chifukwa achinyamata ambiri amene akuika zoimbira m'matauni athu anaphunzira poonera anzawo ndi pa YouTube, ali ndi chidwi ndi manja abwino, koma palibe amene anawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kuwerenga ma-ampere ndi kusankha fyuzi. Milungu yochepa ya maphunziro ndi satifiketi yoti kasitomala aione zingasinthe zambiri, ndipo ife amene takhalitsa pa ntchitoyi tili okonzeka kuthandiza. Ndikupemphanso a Malawi Bureau of Standards kuti aziyeza mawaya ndi mafyuzi olowa m'dziko muno, kuti chimene chalembedwa pa paketi chizikhala chimene chili m'kati. A nthambi yoona za pamsewu nawo, pamene galimoto ikuyesedwa kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pamsewu, sangataye mphindi ziwiri poona ngati waya wowonjezera pa batire ali ndi fyuzi ndiponso ngati bokosi la m'buti lamangidwa.

Kwa eni magalimoto, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalipire, uzani mmisiri akuonetseni fyuzi ya pa batire, labala ya pa kabowo, malo amene wamangapo earth, kachidutswa ka waya amene wagwiritsa ntchito, ndi manambala a pa mita nyimbo zikuimba nyali zili zoyaka. Kankhani bokosi ndi manja awiri muone ngati likusuntha. Mmisiri wabwino amakondwera ndi mafunso otere chifukwa ndi amene amamusiyanitsa ndi ongoyerekeza. Amene muli kale ndi zoimbira m'galimoto, tsegulani boneti lero lomwe, mutsatire waya wonenepa wochokera pa mutu wa positive, ndipo ngati mwayenda naye kutalika kwa mkono osapeza fyuzi, mumasuleni pa batirepo kufikira ntchitoyo itakonzedwa.

Galimoto ya mnyamata uja tinaikonza. Tinasintha mtolo wa mawaya umene unapsa, tinaika waya wa kopa wa 4 gauge ndi fyuzi ya ma-ampere 80 pafupi ndi batire, tinamanga bokosi ndi mabawuti anayi titayang'ana pansi, ndipo amplifier tinaisunthira pa malo opita mphepo. Ndalama zimene analipira pokonza zinaposa zimene anagulira zoimbira zonse, ndipo kapeti yopserera ija akuyenda nayobe chifukwa ya kusintha sanaipeze.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi a galimoto,
Lilongwe